Mutu 4: Kaliuma Akaniza Mchenga

1. Mlendo kuseri kwa nyumba

Lachisanu masana Kaliuma anafika pakhomo akukankha wilibala. Inali itadzaza ndi zinyalala za kumsika: makoko a nthochi, masamba ofota a kabichi ndi zipatso zoola. Ntchentche zinkamulondola ngati abale ake.

Dzina loti Kaliuma anam'patsa ndi amayi ake ali wamng'ono. Akati ayi, ngakhale umuonetse switi sankasintha. Tsopano anali mtsikana wa fomu 3, ndipo dzina lake lenileni linkamveka kusukulu kokha.

Amayi akewo anali telala. Chimwalirire bambo ake, makina osokera ndiwo ankadyetsa banjalo. Koma tsiku limeneli makinawo anali chete pakhonde.

"Amalume ako abwera," anatero amayi ake, maso ali pansalu. "Ali kuseri ndi mlendo. Kapereke moni."

Kuseri kwa nyumba kunali malo aakulu a mchenga wokhawokha, woyera ngati shuga. Pakati pake panali mizere ya matimati a Kaliuma, obiriwira, omangiriridwa ku timitengo. Amalume ake anaima pamenepo ndi munthu wina wovala chipewa cholimba chachikasu. Anali kontrakitala, womanga nyumba za anthu.

Kaliuma anagwada n'kupereka moni. Mlendoyo anayankha osamuyang'ana. Anatapa mchenga ndi dzanja, n'kuupekesa, n'kuusiya kuti uyoyoke.

"Uwu ndiye mchenga," anatero. "Wopakira pulasitala weniweni. Lole ibwera mawa m'mawa. Nanga izi?" Analoza matimati ndi nsonga ya nsapato.

"Masewera a mwana awo," anayankha amalume. "Tizula."

2. Mmene matimati anamerera

Sanali masewera. Aliyense mumsewu umenewo ankadziwa thukuta limene linalowa m'mizere ija.

Mbewu anapatsidwa ndi aphunzitsi a zaulimi. Ulendo woyamba anawokera mbande mumchenga momwemo. Ankathirira m'mawa, pofika masana pansi pali gwa, madzi onse atalowa ngati wathira musefa. Mbande zinachita chikasu n'kuuma.

Ulendo wachiwiri anakapempha zitosi kwa bambo wina wa mumsewu womwewo, woweta nkhuku, amene anthu ankamutchula kuti a Tambala. Anathira zitosi zaziwisi m'mapando n'kuwokeramo. Mbande zinapsa ngati wazithira madzi otentha.

A Tambala atabwera kudzaona anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakhala pa ndowa n'kumulangiza.

"Safunsa anadya phula, mwana iwe. Zitosi zaziwisi ndi moto. Ngakhale ine mwini nkhuku sindingazithire pa mbewu yanthete. Manyowa amafuna kupsa kaye. Yala udzu wouma pansi, pamwamba pake masamba aawisi, kenako zitosi, kenako phulusa pang'ono ndi dothi. Uwaze madzi, koma asachite kudontha. Ubwereze choncho mpaka mulu ufike m'chiuno. Uzike ndodo pakati. Ukaizula n'kupeza yatentha, dziwa kuti mphika uli pamoto. Uzitembenuza mulu wako kuti mpweya ulowe. Tsiku limene ndodo idzatuluke yozizira, manyowa atada bii, fungo loipa litatha, ndiye apsa. Mchenga ndi munthu wa manja obooka, chilichonse ukam'patsa amataya. Manyowa ndiwo amatseka mabowowo. Koma ndikuchenjeze, ntchito iyi si ya anthu ofulumira. Ukathamanga udzalira kachitatu."

Kaliuma sanalire kachitatu. Anadikira. Anzake kusukulu anayamba kumutcha Mayi Zitosi, ndipo ena ankagwira mphuno akamadutsa. Iye ankangoti, "Mudzadya omwewo."

Manyowa atapsa anakumba mapando akuya, n'kusakaniza manyowa ndi mchenga, n'kuwokera. Anaphimbira pansi ndi udzu kuti dzuwa lisamwe madzi. Tsopano matimati anali atamufika m'chiuno. Maluwa achikasu anali mbwee, ndipo m'munsi munalendewera timatimati tatiwisi ngati mazira a njiwa.

3. Mawu a akuluakulu

Kontrakitala atapita, amalume anakhala pampando pakhonde. Anali mlonda wa pafakitale, munthu wa mawu aakulu koma wosauma mtima. Ndiwo ankathamanga pakhomopo pakagwa vuto.

"Khala pansi, iwe," anatero. "Ndaona mmene unandiyang'anira kuseri kuja. Tayang'ana m'mwambamo."

Kaliuma anayang'ana. Malata anali ofiira ndi dzimbiri, ndipo dzuwa linkalowa m'timabowo.

"Denga ili latha. Chaka chatha amayi ako ankasoka atafunditsa makina pepala la pulasitiki. Diresi laukwati la mwini wake linadontheredwa madzi a dzimbiri, wayiwala? Amayi ako anatukwanidwa pamaso pa anthu ngati mwana. Mvula ili pafupi. Munthu uja akuti akatenga mchenga atipatsa malata atsopano, ndi anyamata odzakhoma. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana iwe, wapachala ndi wa mphepo. Malata ndi chinthu chooneka. Matimati akowo ndi wapachala. Mawa kubwera mbozi, mkuja chiwawu, tsiku lina mbuzi ya munthu. Ine ndalimapo, usandione kuvala yunifomu ya ulonda. Kulima mumchenga sikulemeretsa munthu. Ukufuna amayi ako agone m'madzi chifukwa cha ndiwo? Mwana womva amayang'ana pamene akulu aloza. Ukadzakula udzandithokoza."

"Amalume, ndingayankhe?"

"Yankha."

"Akakumba, patsala chiyani?"

"Dzenje. Tidzakwirira."

"Ndi chiyani, amalume? Kuseri kwa msika anakumba ine ndili ku pulayimale. Mpaka lero ndi dziwe la udzudzu. Malata adzachita dzimbiri ngati awa, koma dzenje silidzachoka. Ndipatseni nthawi kuti matimati apse. Amayi ogulitsa kumsika anabwera kudzaona, akuti adzatenga onse. Ndikakolola ndibzalanso, mulu wina wa manyowa uli pafupi kupsa. Tidzagula malata pang'onopang'ono, malo ali athu."

"Pang'onopang'ono! Mvula nayo imagwa pang'onopang'ono?" Amalume anatembenukira kwa mlongo wawo. "Achemwali, mukumumva mwana wanuyu?"

Amayi anaika nsalu pansi.

"Mwanawe, tamvera. Ine sindikunyoza ntchito yako. Ndakuona ukudzuka kukatunga madzi anzako ali m'tulo. Koma amalume akowa ndi amene anatigwira dzanja tsiku limene bambo ako anatisiya. Anthu ena anabwera kudzalira n'kupita, iwowa anatsala. Munthu wotere sumuchititsa manyazi. Apangana kale ndi munthu wamkulu, ndipo mawu a mwamuna mnzawo sangawabweze ngati chenje cha pagolosale. Komanso ndatopa, mwanangu. Ndatopa ndi kutchera mabeseni. Mawa lole ikabwera, iwe udzalowe m'nyumba. Usadzaonetse liuma lako pagulu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Uchita zimene ndanena?"

Kaliuma anayang'ana pansi. "Ndamva," anabwereza.

Anatenga ndowa n'kupita kukathirira.

4. Lole

M'mawa wa Loweruka lole inalowa mumsewu ikufwenthera utsi wakuda. Kumbuyo kunali anyamata a mafosholo, atamanga nsalu kumutu. Inabwerera chambuyo kudutsa m'mbali mwa nyumba, ikulira kuti pii, pii, pii.

Mwadzidzidzi anyamata aja anamenya bodi ya lole. "Imani! Imani, adalaivala! Kuli munthu!"

Kaliuma anali atagadabuza ndowa pakati pa njira yolowera kudimba. Anakhala pamenepo, manja atapinda pachifuwa. Tayala la lole linaima pafupi ndi mapazi ake.

Dalaivala anatsika. Anali munthu wonenepa, chotokosera mano chili pakamwa.

"Chemwali, moyo wakukwana?"

"Ayi, bambo. Ndangokhala pakhomo pathu."

"Tachoka tigwire ntchito."

"Sindichoka."

Anyamata a mafosholo anaseka. Mmodzi anati, "Timunyamule ndi ndowa yake yomweyo, tikamutsitse ku saiti komwe tikumanga!"

"Yesani," anatero Kaliuma. "Ndikuwa mpaka msewu wonse ubwere."

Sanafunike n'kukuwa komwe. Msewu unali utabwera kale. Amayi ochokera kumpopi anatula zidebe. Wometa wa mumsewumo anatuluka ndi kasitomala wake, mutu utametedwa mbali imodzi. A Tambala anaima kumbuyo, dengu la mazira lili m'manja.

Amalume anafika akupalasa njinga, akuchokera kuntchito ya usiku. Ataona gululo nkhope yawo inasintha.

"Iwe! Dzuka pamenepo!"

"Pepani amalume, sindidzuka."

"Ukundikanira ine?"

"Sindikukana inu. Ndikukana dzenje."

"Ndati dzuka!"

Kaliuma sanadzuke. Anapisa dzanja pansi pa udzu wophimbira, n'kutapa dothi la paphando. Linali lakuda, lonyowa, ndipo nyongolotsi inapiringizika pakati pa zala zake. Analikweza m'mwamba.

"Ndinathirira dzulo madzulo, mpaka pano likadali lonyowa. Pano panali mchenga wouma, amalume, munkaudziwa. Mumati sungabereke. Tsopano wabereka, ndiye mukufuna kuugulitsa ngati si inu amene..." Mawu anathamanga kuposa nzeru. "Ngati ndi panu! Pano si panu!"

Wometa anagwira pakamwa.

Amalume anatsika panjinga pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anayang'ana mwana wa mlongo wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana denga.

"Zoona," anatero motsitsa mawu. "Si panga."

Pamenepo amayi anatuluka m'nyumba, tepi yoyezera ili m'khosi. Anthu anapatuka. Anayenda mpaka kumizere ya matimati. Anali asanalowemo chiyambire, poti nthawi zonse ankaonera pawindo. Anawerama n'kutukula tsamba. Pansi pake panali phava la timatimati, tolimba, tonyezimira. Anatigwira ndi nsonga za zala monga ankagwirira nsalu yodula.

Anaweramuka n'kupita kwa dalaivala.

"Bambo, pepani kwambiri. Mwawononga mafuta anu. Mchenga sitigulitsa."

"Mayi, abwana anapangana ndi..."

"Ndikudziwa. Ndipita ndekha kukawapepesa. Malo ano ndi anga, ndipo ndasintha maganizo."

Anyamata a mafosholo anaimba mluzu. Kaliuma anadumpha pandowa, nkhope ikuwala.

"Usasekerere," anatero amayi ake. "Ndikadali nawe."

5. Mtengo wa liuma

Amayi sanadikire kuti anthu achoke. Analankhula onse akumva.

"Wapambana, eti? Tsono tamvera mtengo wake. Ndinakuuza kuti ulowe m'nyumba, sunalowe. Walankhula mawu oti si panu kwa munthu amene anakhoma chitseko cha nyumba ino ndi manja ake. Mawu amenewo sunawaphunzire kwa ine. Ndasiya matimatiwa chifukwa ndaona ntchito, osati chifukwa cha mwano wako. Ntchito ndi mwano ndi zinthu ziwiri, usazisakanize ngati manyowa. Munthu akhoza kukana chinthu popanda kuponda mnzake. M'nyumba muno chipinda chosadontha ndi chako chokha. Kuyambira lero makina ndi nsalu za anthu zilowa mmenemo. Iwe usamukira pabalaza, pamene pamadontha. Mabeseni uzitchera ndiwe. Ukalephera mayeso chifukwa cha dimba, ndidzazula ndekha. Ndipo tsopano gwada, upepese amalume ako pamaso pa anthu omwe wawanyozerapo."

Kaliuma anagwada mumchenga. Misozi inali m'maso koma sinagwe.

"Amalume, ndalakwa. Mawu aja ndi oipa. Ndikhululukireni."

"Nanga mchenga?" anafunsa amalume.

"Mawu ndabweza, amalume. Mchenga sindibweza."

Wina m'gulumo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Amalume anapukusa mutu.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndakukhululukira, poti ndiwe magazi anga. Koma mvula ikadzayamba usadzanditumire uthenga. Ine ndapita kukagona."

Anakwera njinga. Pageti anaima pang'ono, osatembenuka.

"Ndipo uthyole mphukira za m'mphandazo," anakuwa. "Zikudya chakudya cha zipatso. Mlimi wanji iwe!"

Anthu anayamba kubalalika. A Tambala anadutsa pafupi ndi Kaliuma n'kunong'ona, "Zitosi zadzadzanso m'khola. Ubwere ndi wilibala." Amayi anabwerera pakhonde, ndipo posakhalitsa makina anayamba kulira.

Kaliuma anasamutsa mphasa ndi mabuku ake kupita pabalaza. Kenako analowa m'dimba n'kuyamba kuthyola mphukira, monga ananenera amalume. Manja ake ananunkhira matimati.

6. Kuseri kwa mpanda

Ali mkati mothyola anazindikira kuti phokoso la lole silinathe. Dalaivala anali ataimika pamsewu, akulankhula pafoni. Anagwedeza mutu kangapo, n'kuseka, n'kukwera.

Lole sinalowere kumene inachokera. Inakhota n'kulowa pa puloti yoyandikana nayo, yopanda nyumba, yomera tchire. Inabwerera chambuyo mpaka kufika pampanda wa udzu wa Kaliuma. Anyamata anadumpha, mafosholo ali m'manja.

Kaliuma anathamangira kumpanda.

"Mukutani kumeneko?"

"Tikugwira ntchito, chemwali," anayankha dalaivala. "Abwana alankhula ndi mwini puloti ino. Watipatsa yonse. Akuti tikumbe mpaka titatopa."

"Koma mwayandikira kwambiri! Yambirani uko!"

"Mchenga wabwino uli konkuno. Bwera ndi ndowa yako udzakhalenso, tione."

Mafosholo analowa pansi. Mchenga suchedwa kukumbika. Dzuwa lisanafike pamutu, dzenje linali litafika anyamatawo m'chiuno. Khoma lake linkagumuka lokha, mchenga n'kumayoyokera pansi ngati ufa. Kugumuka kulikonse kunkadya malo kulowera kudimba.

Mtengo umodzi wa mpanda unapendekeka. Kaliuma anaugwira ndi manja awiri. Pansi pa mapazi ake panaoneka mng'alu, ukuloza mzere woyamba wa matimati.

"Amayi! Bwerani mudzaone!"

Amayi anabwera n'kuyang'ana dzenjelo. "Mwanangu, uko si kwathu. Kumeneko ndilibe mawu."

"Mwini wake ndani?" Kaliuma anafunsa dalaivala.

Dalaivala anachotsa chotokosera mano pakamwa n'kuloza nacho kumapeto kwa msewu. Kumeneko kunali nyumba ya mpanda wautali wa njerwa, wa mabotolo osweka pamwamba, ndi geti lakuda lachitsulo. Ana onse a mumsewuwo ankadutsa pamenepo mothamanga chifukwa cha agalu. Mpira ukagwera mkati, unkathera momwemo.

"Bwana wa m'geti lakuda," anatero. "Ngakhale abwana athu amavula chipewa polankhula naye pafoni."

"Usayerekeze," anatero amayi. "Akuluakulu a mumsewu uno atapita kukadandaula za ngalande, munthu uja anawathamangitsa ndi agalu. Iwe ndiwe ndani?"

Kaliuma anachirikiza mtengo uja ndi wilibala. Anasamba m'manja mu ndowa, n'kusasa mchenga m'mawondo, n'kuvala nsapato zake za kusukulu.

"Ndikalankhula mwaulemu, amayi," anatero. "Ndaphunzira."

Anatuluka pageti n'kulunjika kumapeto kwa msewu. Asanafike n'komwe, agalu anayamba kuuwa.